Makina Oumitsa Zofunda za Apongozi

Nkhondo itatha, ife tinali m'gulu la anthu amene anabwerako ku Zambia mvula isanayambe. Ine sindinapite kumene ndinabadwira, chifukwa kunalibe wotsala woti n'kumupitira. Ndinatsata mkazi wanga kumudzi kwawo, kufupi ndi Chiputo, kukapitiriza chikamwini chimene nkhondo inadukiza. Tinapeza mitengo itamera m'kati mwa mabwinja, moti malo a nyumba yathu tinawazindikira ndi mango amene ndinabzala nditangokwatira. Anatilandira ndi mlamu wanga, mlongo wake wa mkazi wanga, amene sanathawe nawo. Zaka zonsezo ankabisala m'mapiri ndi banja lake. Tinamupeza ataonda ngati bango, koma pakamwa pali pomwepo, nthabwala osasiya.

Tinabwera ndi apongozi, mayi ake a mkazi wanga. Anali mayi wamfupi, wamphamvu, wosadziwa kukhala pansi. Munda wawo anauswa okha ndi nkhwangwa, ife amuna tikulimbana ndi mitengo ya denga. Koma chikwatirire mwana wawo, ine ndi iwo tinali tisanayang'anizanepo m'maso. Ndiwo mwambo umene tinaupeza, woti mkamwini ndi apongozi amaopana. Tikakumana panjira, mmodzi ankapatukira m'udzu mpaka mnzake adutse. Akafuna kundiuza kanthu ankauza mwana wawo, ine ndili pomwepo ndikumva, ndipo yankho langa linkadzeranso komweko. Ngakhale ku Zambia, kumene poyamba tinkagona tonse m'tenti imodzi, tinapachika chiguduli pakati n'kumaopanabe. Sikuti tinkadana. Nditadwala malungo kumeneko, iwo ndiwo ankandiphikira phala, kungoti mbale inkandifika ndi dzanja la wina.

Titakhazikika pang'ono kunabwera gulu la anthu okumba mijigo. Ku Zambia ndinali nditaphunzira kuwotcherera zitsulo ndi kukonza njinga, choncho anandilemba ntchito. Akuluakulu awo ankakhala m'nyumba ina ya malata imene anaikonza, ndipo anali ndi jeradori, injini yopanga magetsi, yoyendera mafuta a dizilo amene ife timati gazoliyo. M'nyumbamo munalinso makina ena oyera, ofika m'chiuno, okhala ndi chitseko chozungulira kutsogolo. Iwo ankati sekadora, ndipo ntchito yake inali kuumitsa zovala. Ife antchito tinkaseka tikamamva akulira. Dzuwa la kwathu limang'amba miyala, ndiye munthu n'kuitanitsa makina kuchokera kutali kuti amuumitsire malaya.

Pamene ankamaliza mijigo, mvula inali itagwira kale. Kamyau yawo, galimoto yaikulu yonyamula katundu, inatitimira pa mtsinje wina wapafupi ndi ife, ndipo kuti ituluke anatsitsa katundu wolemera. Jeradori ndi makina aja anazisiya m'manja mwanga kuti adzazitenga msewu ukauma. Msewu utauma sanabwere. Kunangofika uthenga ndi woyendetsa galimoto wina wakuti gululo lasamukira kutali, ndipo zinthuzo zikhale zanga. Jeradori inasanduka khasu langa lachiwiri. Ndinkawotcherera makasu, nkhwangwa ndi njinga, n'kumadzaza mabateriya a anthu omvetsera wailesi. Gazoliyo ndinkasinthanitsa ndi oyendetsa makamyau akadutsa, nthawi zina ndi nkhuku, nthawi zina ndi nyemba. Makina oyerawo anangokhala pakona ya khumbi limene ndinkagwiriramo ntchito, nkhuku zikuikira mazira pamwamba pake.

Kenaka apongozi anagwa. Anali kudimba akuthirira, ndipo anawapeza atagona chammbali pakati pa mpiru, pakamwa patapindika. Anakhala ndi moyo, koma dzanja ndi mwendo wakumanja zinafa, lilime linalemera, ndipo sankathanso kudziletsa. Mkazi wanga ankawasambitsa, kuwatembenuza ndi kuchapa zofunda zawo tsiku ndi tsiku. M'chilimwe zinkatheka, chifukwa gombeza ukaliyanika m'mawa, pofika masana lauma. Mvula itabwera zinthu zinasintha. Chaka chimenecho inagwa yamvumbi, yosalekeza, ndipo magombeza amene tinabwera nawo kuchokera ku Zambia, otuwa aja okhuthala, ankakhala pachingwe masiku akudontha. Mkazi wanga ankawapachika m'khitchini pamwamba pa moto, akangotuluka akununkha utsi koma ali achinyezi. Pamsana pa apongozi panayamba zilonda. Enfermeyiru, namwino wa kuposto, kachipatala ka m'dera lathu, atabwera pa njinga anaona n'kunena kuti mankhwala atipatsa, koma ngati mayiwo apitiriza kugona ponyowa, zilondazo zidzawadya mpaka pafupa.

Ine zonsezi ndinkazimvera panja. M'nyumba mwawo sindikanalowa, ndipo zofunda zawo sindikanazikhudza. Ndinkangoona mkazi wanga akuchokera kumtsinje ndi beseni pamutu, manja atasweka ndi madzi, akuonda tsiku ndi tsiku. Munthu wamwamuna kukhala ndi manja awiri abwinobwino koma osathandiza kanthu, zimawawa mwa mtundu wake.

Tsiku lina ndikuthamangitsa nkhuku m'khumbi, maso anga anagwera pa makina aja. Ndinawapukuta zitosi, ndipo ine ndi mlamu tinawanyamula kukawaika kuseri kwa nyumba ya apongozi, kuti mkazi wanga asamayende mtunda ndi magombeza onyowa. Ndinamanga kamsasa ka udzu kotsamira khomalo, n'kukoka waya kuchokera ku jeradori. Kumbuyo kwa makina kunali tubu wofewa, wamakwinya ngati m'mero wa mbuzi, wotulutsira mpweya. Ndinamugoneka m'mbali mwa khoma mpaka anatulukira panja pa kamsasako. Mkazi wanga anaponyamo gombeza, ine ndinapotoza kagudumu ka kutsogolo, makina n'kuyamba kuzungulira.

Titatsegula, mkazi wanga anatulutsa gombezalo n'kuliika patsaya. Analifungatira ngati khanda n'kuthamangira nalo m'nyumba lisanazizire. Ndili panja ndinamva apongozi akufunsa ndi lilime lawo lolemera kuti dzuwa latulukira kuti.

Kwa masabata angapo zinthu zinayenda. Zilonda zinayamba kuuma m'mbali. Ndiye makina anayamba khalidwe lina. Pamwamba pake pankatentha moti sukanaikapo dzanja, koma gombeza linkatuluka lili lofunda ndi lonyowa, ngati munthu wa malungo. Kenaka tsiku lina ali m'kati mozungulira anangoti zii. Pa jeradori pali kabokosi kokhala ndi kachala kakuda kamene kamagwa moto wa magetsi ukadutsa muyeso, amati disijuntori. Ndinapeza katagwa. Ndinakakweza, makina anayenda pang'ono, kenaka kanagwanso.

Poyamba ndinaganiza kuti jeradori yalemedwa, chifukwa nthawi imeneyo ndinali nditalumikizanso mabateriya a anthu. Ndinawachotsa onse, ndinasiya kuwotcherera, makina n'kutsala okha pa waya. Anayenda nthawi yotalikirapo, koma atangotentha kachala kanagwa. Ndinayendera waya yense kuchokera kukhumbi mpaka kukamsasa, ndikupapasa ngati pali pamene chiswe kapena khoswe wadya. Panalibe.

Mlamu wanga ankaonerera atakhala pa mtondo.

"Alamu," anatero, "kachala kanuko n'kamantha. Kamangeni ndi waya kasamagwe, ntchito iziyenda."

"Kakaleka kugwa iko, chigwe ndi denga la amayi anu. Simukuona kuti pamwambapa ndi udzu?"

"Ndiye makina anu akudwala chiyani?"

"Sindikudziwa. Koma kachalako sikakunama. Pali chimene kakuona."

"Mufunse kachalako, poti mumamvana."

Chinthu choyamba anachipeza ndi mkazi wanga. Akutulutsa gombeza, chala chake chinakola kapulasitiki kena m'munsi mwa chitseko, ndipo atakoka kanatuluka konse. Kanali kasefa, ngati kosefera ufa, koma maso ake onse anali atatsekeka ndi ubweya wa magombeza. Ubweyawo unali utagwirana moti tinausenda wonse pamodzi ngati chikopa. Palibe amene anatiuzapo kuti kasefako kalipo. Tinakatsuka, tinakabwezera, ndipo tsiku limenelo makina anaumitsa gombeza lonse osaima. Tinasangalala, tikuyesa kuti matenda tawapeza.

Sipanapite masiku ambiri vuto linabwerera, ndipo linabwera ndi ukali. Ndili kukhumbi ndinamva fungo la nsalu yopserera. Ndinathamanga n'kupeza mkazi wanga atatsegula kale chitseko, gombeza lili pansi, pakati pake pali chibanga chofiirira chimene chinkafumbutuka ukachikhudza. Kachala kanali katagwa kokha. Magombeza tinali nawo ochepa, ndipo limenelo ndilo linali labwino kuposa onse.

Mkazi wanga anakhala pansi pomwepo, m'matope.

"Abambo, asiyeni makinawa," anatero. "Ndibwerera kuutsi konkuja. Tsiku lina adzatiwotchera amayi m'nyumba."

Sindinamutsutse, chifukwa ankanena zoona. Ndinazimitsa jeradori. Masiku otsatira magombeza anabwerera m'khitchini, mvula osaleka, ndipo chilonda chimodzi chimene chinali chitatsala pang'ono kutseka chinayambanso kutuluka madzi. Ine ndinkapita kukamsasa m'mawa uliwonse kukangoyang'ana makinawo, ngati munthu woyang'ana ng'ombe yodwala imene sakudziwa mankhwala ake.

M'mawa wina mkazi wanga atapita kumtsinje, ndinali nditanyonyomala pamenepo ndikutembenuza kasefa m'manja. Ndinamva kutsokomola kuseri kwa khoma, kenaka mawu.

"Mwana wanga kulibe," anatero apongozi pang'onopang'ono, mawu akukokeka. "Ndiye ine ndilankhula ndi khomali. Khoma iwe, ukundimva?"

Ndinafuna kuchoka mwakachetechete, monga mwa mwambo, koma ndinakhalabe pomwepo. Ndinavula chipewa, ngakhale kuti sankandiona.

"Khoma likumva, amayi."

"Ukawauze bambo a pakhomo pano kuti ine ndimagona mutu uli kuno. Masiku oyamba chinthu chawocho chikamalira, kunja kuno kunkawomba mphepo. Ndinkamva masamba akuthawa, ndipo m'munsi mwa khoma munkafunda. Masiku ano chimangolira, mphepo kulibe."

"Kuyambira liti, amayi?"

"Kuyambira pamene makoswe anasamukiramo. Chikangoleka kulira amabwera. Ndimawamva akukoka makoko, akulowa, akutuluka. Ine tulo ndilibe, ndiye ndimawadziwa onse."

Kenaka anawonjeza kuti, "Ukawauzenso kuti ndikudziwa chimene akuvutikira."

Ndinangoti, "Zikomo, amayi," n'kugwada pamatope kuyang'ana tubu uja. Kukamwa kwake kunkaoneka bwinobwino, n'chifukwa chake sindinamukayikirepo. Koma nditamumasula kumakina n'kumukweza, anali wolemera ngati muli njoka. Ndinapinda waya kukhala ngowe n'kuyamba kukoka. Munatuluka makoko a chimanga, nsanza, nthenga, ubweya wa magombeza wonyowa wogwirana ngati dothi, ndipo pamapeto pake tiana ta makoswe tofiira, tosaphenya. Mpweya wonse wotentha unkalephera kutuluka n'kumabwerera m'makina momwemo. Tubu ndinamutsuka, ndinamudula kuti afupike, ndipo kukamwa kwake ndinamangako kachidutswa ka sefa yakale. Makinawo ndinawasunthanso kuti atalikirane ndi khoma, azipuma bwino.

Mkazi wanga atabwera ndinamufotokozera. Anandiyang'ana, n'kuyang'ana khoma.

"Mwalankhula ndi amayi?"

"Ayi. Iwo amalankhula ndi khoma, inenso ndimalankhula ndi khoma."

Anaseka mpaka anatula beseni. Ndinali nditaiwala kuseka kwake.

Anavomera kuti tiyeserenso, koma ndi chiguduli, osati gombeza. Ndinaliza jeradori, ndinapotoza kagudumu. Makina asanazungulire n'komwe kunamveka kuthetheka kumbuyo kwake, ndipo kachala kanagwa nthawi yomweyo. Ndinakakweza, kanagwanso pomwepo. Kale ankayamba ayenda kaye mpaka atenthe. Tsopano sankalola ngakhale kuyamba. Ndinaima pamenepo manja ali lende, ndikuganiza kuti ndawapha ndi manja anga.

Madzulo dzuwa lisanalowe ndinachotsa waya ku jeradori, ndinatembenuza makinawo n'kumasula maparafuzu, misomali yopotoza yogwira chitsulo cha kumbuyo, ndikuwaika m'mbale kuti asasowe m'matope. Ndinali ndisanaonepo m'kati mwake. Munali ubweya paliponse, wina wopserera. Nditausesa ndi nthenga za nkhuku ndinaona chimene chimabweretsa kutentha. Ndi waya wopotana ngati timanja timene nkhaka imagwirira mapesi, woyenda uku ndi uku, wogonekedwa pa timiyala toyera kuti asakhudze chitsulo. Chifukwa cha kutentha kwa masabata onse aja, wayayo anali atafewa n'kulendewera, ndipo timiyala tina tinali titasweka. Pamalo ena anali atatsamira chitsulo, ndipo pamenepo panali chipsera chakuda. Poyamba ankakhudza pokhapokha akatentha n'kutamuka. Pamene ndinasuntha makina aja, anagwera pachitsulo kotheratu. Kachala kankagwa chifukwa moto unkathawira m'thupi la makina, limene mkazi wanga ankaligwira ndi manja onyowa tsiku lililonse. Nditaganiza zimenezo ndinakhala pansi kaye.

Ndinapezanso china. Pafupi ndi waya wopotanayo panali kanthu kozungulira ngati batani la jekete, kokhala ndi timiyendo tiwiri. Kofanana nako ndinakaonapo mu simbi ya magetsi ku Zambia, ndipo ntchito yake ndi kudula moto kukatentha kwambiri. Wina anali atalumikiza timiyendo take ndi kawaya, kuti moto uzingodutsa osafunsa. Mwina anthu a mijigo aja kankawavutitsa n'kukatseka pakamwa. Kawayako ndinakachotsa.

Chimene chinandisowa ndi timiyala toyera. Mtengo ukanapsa, chitsulo chikanadutsitsa moto, ndipo dothi lathu loumbira miphika likanafumbutuka. Ndinayesa kuswa kapu ya tiyi, koma zidutswa zake zinalibe pogwirira waya. Mlamu atabwera ndinamuonetsa kamwala kosweka m'dzanja. Anakatembenuza, ndipo nthabwala sizinabwere.

"Totere ndinationapo," anatero. "Ku kantina, sitolo yakale ija ya panjira ya ku Chipera. Mwini wake anali ndi magetsi akeake, ndipo waya ankayenda pakhoma pa timiyala totere, toboola pakati. Waya anthu anamutenga kalekale, koma timiyalato tinatsala."

"Kumeneko kumapondeka?"

"Ochotsa mabomba anadutsako. Anapaka miyala utoto woyera m'mbali mwa njira. Tikangotsata imeneyo."

Tinanyamuka m'mawa pa njinga imodzi, mvula ikuwaza. Malo ambiri njinga ndiyo inakwera ife, chifukwa matope ankatseka magudumu, ndipo pamitsinje tinkaisenza pamutu. Titayandikira kantinayo mlamu anayamba kuyenda pang'onopang'ono. Anandiuza kuti nthawi ya nkhondo anagwidwapo n'kutsekeredwa m'menemo pamodzi ndi anthu ena, kudikira kusenzetsedwa katundu, ndipo si onse amene anatulukamo. Sanafotokoze zambiri, inenso sindinafunse. Ananena kuti chichokere tsiku limenelo anali asanapondeko.

Tisanaione nyumbayo tinamva mawu a ana. Denga linalibe malata, koma mbali imodzi anthu anali atafolera ndi udzu, ndipo pansi pake panali ana atakhala pa njerwa, akubwereza mawu a Chiputukizi pambuyo pa mphunzitsi. Ena anali aakulu ndithu, oti nkhondo inawadutsitsa msinkhu wa sukulu. Khoma lina analipaka makala kuti likhale bolodi. Mlamu anaima pakhomo nthawi yaitali akuyang'ana.

Mphunzitsiyo anali bambo wa imvi, wobwerera kuchokera ku Malawi. Titamufotokozera chimene tadzera analoza m'mwamba. Timiyala tinali pomwepo, tandandalika m'mbali mwa khoma, ndipo pa kamodzi anali atakolekapo thumba lake. Anachotsa thumbalo n'kutiuza kuti titenge timene tikufuna, bola timusiyire kamodzi kokolekapo. Mlamu anawerama, ine ndinakwera pamapewa pake n'kumazula misomali ndi alikati, chitsulo changa chopanira, ana akuseka kuona akuluakulu akuberekana. Potuluka mlamu anafunsa mphunzitsi ngati angalandire mwana wake wamkazi, amene anakulira kumapiri osaonapo choko. Mphunzitsi anati abwere ndi njerwa yake yokhalira. Pobwerera nthabwala zinayambiranso, ndipo ananditonza njira yonse kuti ndine wolemera ngati thumba la mchere.

Timiyalato tinali tokulirapo, choncho ndinatinola pa mwala wonolera nkhwangwa mpaka tinakwana. Ndinatimangirira m'malo mwa tosweka tija, kenaka ndinakweza waya wopotanayo mosamala kwambiri, chifukwa waya wopsa amathyoka ngati udzu wouma, ndipo akanathyoka ndiye kuti zonse zathera pomwepo. Ndinaonetsetsa kuti paliponse pakati pa iye ndi chitsulo pakulowa chala. Nditatseka kumbuyo ndinaitana mkazi wanga, ndipo mlamu anabwera yekha osaitanidwa.

Tinayamba ndi chiguduli. Makina anazungulira. Mlamu anaima pa jeradori maso ali pa kachala, ine ndinagwada kukamwa kwa tubu. Mpweya unatuluka wamphamvu, wofunda, wonunkhira chinyezi, ndipo masamba a pansi anayamba kuthawa. Patapita nthawi ndinamva kabatani kaja kakuti tha, kutentha n'kuchepa, kenaka kanatinso tha, kutentha n'kubwerera. Pamwamba pa makina pankafunda chabe, moti mkazi wanga anatsamirapo chigongono. Chiguduli chitauma tinaikamo gombeza. Linauma lonse, kachala kali chiimire.

"Khoma iwe," anatero mawu kuseri, "mphepo yabwera."

"Yabwera, amayi."

Mlamu anayang'ana mlongo wake, nayenso anamuyang'ana.

Kuyambira pamenepo tinaphunzira kuwasamala. Kasefa tinkakasenda tikangotulutsa gombeza lililonse. Magombeza ankayamba afinyidwa kaye, mkazi wanga mbali ino, mkazi wa mlamu mbali inayo, akupotoza mpaka madzi atheretu, ndipo tinkaikamo limodzilimodzi. Makina akamayenda sindinkawotcherera. Loweruka ndinkamasula tubu kuona ngati alendo aja abwerera. Gazoliyo ankavuta kupeza msewu ukatsekeka, choncho tinkaliza makina pokhapokha kumwamba kukakana, ndipo dzuwa likangoti tuluku magombeza ankapita pachingwe. Zilonda zinatenga nthawi, koma chimodzi ndi chimodzi zinatseka. Enfermeyiru atabweranso anapita kukamsasa kukaona ndi maso ake, n'kufunsa ngati mayi wina wa mudzi woyandikana nawo, amene anabereka mapasa, angamabweretse matewera. Anayamba kubwera nawo, ndipo ena anatsatira.

Ine ndi apongozi tinapitiriza kulankhula ndi khoma. M'mawa ndikapita kukasenda kasefa ankalifunsa khomalo ngati chimanga chamasula ngayaye, ngati mbuzi ya mlamu yabereka, ngati mlatho wa kumtsinje akuukonza. Khoma linkayankha zonse. Ankaliuzanso zinthu zimene sindinkazidziwa, za amuna awo amene anamwalira ine ndisanabwere m'mudzimo, ndi za malire akale a minda, poti anthu obwerera anali atayamba kukangana za malo.

Mvula ikupita kumapeto, m'mawa wina kunacha koyera. Ndili kukhumbi mkazi wanga anabwera atanyamula nkhuku yaikazi, miyendo yomanga. Anagwada n'kuiika patsogolo panga.

"Yachokera kwa amayi. Akuti manyazi athe lero. Akufuna atuluke panja aone chinthu chimene chakhala chikuwalirira kumutu, ndipo ine sindingathe kuwanyamula."

"Alamu ali kuti?"

"Alipo. Koma amayi atchula inu."

Ndinasamba m'manja, ndinavala malaya a kutchalitchi. Pakhomo pawo ndinaomba m'manja n'kudikira mpaka anandiyankha. M'katimo munali mdima pang'ono, ndipo ndinayamba ndaima kuti maso azolowere. Anali atagona pa mphasa, atafunda gombeza lopserera lija, limene mkazi wanga analisoka chigamba. Kwa nthawi yoyamba ndinaona nkhope yawo bwinobwino. Inali nkhope ya mkazi wanga, yokalamba, yopindika mbali imodzi. Nawonso anandiyang'anitsitsa osaphethira.

"Kani muli ndi imvi," anatero.

"Zayamba, amayi."

Ndinalowetsa dzanja limodzi kumsana, lina m'mawondo, n'kuwakweza. Mayi amene anaswa munda ndi nkhwangwa anali wopepuka ngati mtolo wa mapesi. Dzanja lawo lamoyo linagwira kolala ya malaya anga mwamphamvu. Ndinatuluka nawo, ndipo anatsinzina chifukwa cha kuwala. Mkazi wanga anali ataika mpando pafupi ndi kamsasa, ndi mtsamiro wa nsanza. Nditawakhazika anayang'ana makinawo kuyambira pamwamba mpaka pansi.

"N'kameneka basi? Phokoso lonse lija ndimayesa n'chinthu chachikulu ngati nkhokwe."

Anapempha kuti titsegule chitseko, analowetsamo dzanja, anapapasa kasefa. Atakhutira anatembenuza mutu kuyang'ana kumunda kwawo, umene chaka chimenecho ndinalima ndine. Chimanga chinali chitakhwima, chikuyamba kufiira masamba a m'munsi. Anachiyang'ana nthawi yaitali.

"Mizere yanu ndi yotalikirana kwambiri, bambo. Mwataya malo. Koma chabereka."

Kenaka anafunsa ngati kudimba kwawo madzi aphwa. Nditawauza kuti ayamba kuphwa, anati nthawi ya mbatata ndi imeneyi, ndipo mbewu yabwino ili kwa mayi wina wa kutsidya, yofiira khungu, imene anaisunga m'mapiri nkhondo yonse. Anandiuza kuti ndikapemphe m'dzina lawo, ndipo ndikaumbe mitumbira italiitali chifukwa dothi la kumeneko limasunga madzi. Anakhala padzuwa mpaka mthunzi wa nyumba unawafika, anthu odutsa akupatuka kudzawapatsa moni. M'mawa mwake ndinatenga khasu ndi chiguduli n'kuwoloka mtsinje kukapempha mbewuyo.